Gogodera, mfuti yosulidwa kumudzi

Ku America kuli anthu amene amagula mpope payokha, thabwa logwirira payokha, kenaka n'kulumikiza mfuti yaing'ono ya .22 yophunzirira kulasa. Ambiri amakonda mtundu wa Ruger 10/22, umene unayamba kugulitsidwa mu 1964. Koma zidutswa zimene amalumikizazo zimachokera ku fakitale, ndipo chitsulo chake chinayesedwa kale. Kwathu kuno mfuti yolumikiza ilipo ndithu, koma ndi yamtundu wina. Dzina lake ndi gogodera.

Gogodera amaithira onga ndi chipolopolo kukamwa, n'kumasindira ndi kamtengo. Mfuti zoterezi zinafika m'chigwa cha Shire ndi malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo, pamene mafumu a Chiyao ankasinthanitsa katundu ndi amalonda a kunyanja yamchere. Mfumu Kawinga inakhala pa mapiri a Chikala, m'boma la Machinga la lero, ikudalira mfuti zotere kufikira pamene asilikali a Harry Johnston, mtsogoleri wa boma la atsamunda, anaigonjetsa mu 1895. Nkhondozo zitatha, mfuti zambiri zinatsala m'midzi. Zikathyoka, amisiri osula makasu ndi nkhwangwa ndiwo ankazikonza, ndipo pokonzapo anaphunzira kupanga zawozawo.

Vuto lili pa mpope. Onga ukayaka, mphamvu yake imakankha mbali zonse nthawi imodzi, osati kutsogolo kokha. Mpope wa ku fakitale amaubowola m'chitsulo cholimba cha thunthu. Paipi yotola pa zitsulo zakutha anaipangira madzi, ndipo kawirikawiri imakhala ndi msoko wowotcherera kuyambira uku mpaka uko. Ikhoza kupirira lero ndi mawa, mwiniwake n'kumaiyamikira, chikhalirecho msoko uja ukung'aluka pang'onopang'ono m'kati momwe diso silifika. Tsiku lophulika, dzanja lamanzere ndilo limakhala litagwira pomwepo, nkhope ili pafupi.

Komanso gogodera salasa molunjika. M'kati mwa mpope wa mfuti yeniyeni muli timizere tozungulira timene timapota chipolopolo kuti chiwongoke. Mwa gogodera m'mosalala, choncho chipolopolo chimapatuka. Nyama zambiri zimangovulala n'kuthawa, ndipo njati kapena mvuu yovulala imalusira aliyense, ngakhale mayi wopita kudimba amene sanagwirepo mfuti.

Anthu a m'mphepete mwa nkhalango ya Liwonde, kaya mbali ya Machinga kaya tsidya la Balaka, amadziwa kuwawa kwa kudzuka n'kupeza chimanga chatha ndi njovu. Dandaulo lawo ndi lomveka, ndipo sitingaliseke. Koma nthawi yolimbana ndi nyamazi ndi gogodera inapita. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Anaimangira mpanda wamagetsi, anazula misampha ya waya miyandamiyanda, ndipo mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwira ku Kasungu. Lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, moti wopha nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi chipembere akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 30.

Nanga munthu wongofuna kuphunzira kulasa, wopanda maganizo a nyama? Lamulo la mfuti la 1967 silifunsa ngati mfutiyo ndi yaing'ono kapena yaikulu, yogula kapena yosula kuseri kwa nyumba. Kukhala ndi mfuti popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kupanga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu winanso. Chilolezocho chimadzera ku polisi. Ena amati gogodera wa agogo ndi chuma cha pabanja, ayenera kusungidwa kudenga. Chitsulo chokhala zaka zambiri ku utsi ndi chinyezi chimadyeka ndi dzimbiri, ndipo ana amene amakwera kudenga kukafuna chimanga cha mbewu sadziwa ngati muli onga. Ngati pakhomo panu pali yotere, uzani amfumu akuperekezeni, mukaisiye ku polisi.