Peyrepertuse: Linga Lomwe Malire Analisiya Paphiri

Munthu akaima m'mudzi wa Duilhac-sous-Peyrepertuse, kumwera kwa France, n'kukweza maso, zimamuvuta kuona pomwe thanthwe lathera ndi pomwe khoma layambira. Linga la Peyrepertuse lili pamwamba pa phiri lotalika pafupifupi mamita 800, ndipo makoma ake anatsata msana wa phirilo kwa mamita ngati 300.

Galimoto imathera m'munsi. Kuchoka apo ndi wapansi, m'kanjira kamiyala kozungulira kuseri kwa phiri, ndipo wobwera ndi nsapato zotchenera amanong'oneza bondo asanafike n'komwe pachipata.

Nanga anthu anavutikiranji kumanga pamalo otere? Nkhani yake ndi ya malire. Lingali linalowa m'manja mwa mfumu ya France mu 1240, ndipo mu 1258 pangano la Corbeil linaika malire a France ndi ufumu wa Aragon chapafupi pomwepa. Peyrepertuse inakhala mlonda, pamodzi ndi malinga ena anayi: Aguilar, Termes, Puilaurens ndi Quéribus. Onse asanu amatchedwa ana a Carcassonne, mzinda womwe ankautchinjiriza. Quéribus amaonekera bwino lomwe munthu akakhala pamwamba pa khoma, moti alonda a malinga awiriwa ankatha kupatsana zizindikiro.

Mkati mwatsala makoma a tchalitchi cha Sainte-Marie ndi zitsime zosungira madzi amvula, poti pansonga pa phiri madzi anali osowa. Koma chomwe chimanjenjemeretsa mawondo ndi masitepe pafupifupi 60 omwe Mfumu Louis IX inalamula mu 1242 kuti asemedwe m'thanthwe, okwera kupita ku nsanja ya Sant Jordi. Mbali ina kuli phedi, ndipo mapazi a zaka mazanamazana anasalaza miyalayo mpaka kuterera. Kukakhala mabingu kapena mphepo yamkuntho, oyang'anira malowa salola munthu kukwerako.

Chodabwitsa n'choti si nkhondo yomwe inasandutsa lingali bwinja. Mu 1659 pangano la Pyrenees linapereka dera la Roussillon kwa France, malire n'kusunthira kumwera. Peyrepertuse inatsala mkati mwa dziko, yopanda mdani womudikirira. Asilikali ochepa anapitiriza kugonako mpaka nthawi ya kuukira boma kwa mu 1789, kenako anachoka, mvula ndi mphepo n'kuyamba kugumula madenga. Ntchito yolimbitsa makoma otsalawo inadzayamba mu 1950.