Amene Amaika Tsamba Pamwamba pa Google Ndani?

Munthu akalemba funso pa Google, mayankho amabwera m'kanthawi kochepa atandandalikidwa kale, ndipo ambirife timangotsegula awiri kapena atatu oyambirira. Si ambiri amene amafika pa tsamba lachiwiri la mayankhowo. Kaamba ka ichi, aliyense amene ali ndi tsamba pa intaneti, kaya ndi wamalonda, sukulu kapena nyuzipepala, amalimbirana malo apamwambawo monga momwe ogulitsa amalimbirana benchi ya pakhomo pa msika. Luso lokweza tsamba kuti lizioneka msanga limatchedwa SEO. Ndikufuna kufotokoza momwe limayendera, chifukwa ndaona kuti anzanga ena, ngakhalenso makolo, amaganiza kuti chimene chabwera pamwamba ndiye choona kuposa zonse.

Kale ntchito yosanja masamba inkachitika pamanja. Mu 1994, Jerry Yang ndi David Filo, ophunzira a pa yunivesite ya Stanford ku America, adayamba kulemba mndandanda wa masamba omwe adawakonda, ndipo mndandandawo ndiwo udasanduka Yahoo. Masamba atachuluka, manja adalephera. Makina ofufuzira omwe adabwera pambuyo pake, monga AltaVista ya mu 1995, ankadalira kwambiri mawu olembedwa pa tsambalo. Anthu ochenjera sadachedwe kutulukira. Wogulitsa nsapato ankangolemba liwu loti nsapato kambirimbiri m'munsi mwa tsamba, ndi zilembo zoyera pamalo oyera, kuti maso a munthu asaone koma makina awerenge.

Mu 1996, ophunzira enanso awiri a pa Stanford pomwepo, Larry Page ndi Sergey Brin, adayamba kafukufuku yemwe adamutcha BackRub. Iwo adasiya kudalira zomwe tsamba likudzinenera lokha, nayamba kuwerenga masamba ena amene akuloza kwa ilo. Kulozako ndi linki, mawu aja amene ukawadina amakupititsa ku tsamba lina. Nzeruyi idali kale m'dziko la asayansi, pakuti mu 1964 Eugene Garfield adatulutsa Science Citation Index, kaundula wosonyeza kuti nkhani ya katswiri uyu yatchulidwa kangati ndi akatswiri anzake. Page ndi Brin adaitengera ku intaneti, naitcha PageRank, ndipo kampani ya Google idakhazikitsidwa mu 1998.

Apa mpofunika kufatsa, awerengi, chifukwa mpamene pagona nkhani yonse. Linki iliyonse imawerengedwa ngati umboni, koma mboni sizilingana kulemera. Pa mlandu wa malire a munda, mawu a gogo amene adaona malowo akugawidwa amaposa mawu a anyamata khumi odutsa m'njira. Chimodzimodzinso linki imodzi yochokera ku tsamba lomwe anthu ambiri amalilozera imalemera kuposa malinki 100 ochokera ku masamba omwe palibe amawatchula. Komanso tsamba likaloza ku masamba ambiri, mphamvu yake imagawika, aliyense nalandira kachidutswa chabe. Anyamata awiriwa adafotokoza masamu ake poyerekeza ndi munthu amene akungodina malinki mwachisawawa tsiku lonse. Pa maulendo 100 aliwonse, maulendo 85 amatsata linki ya pa tsamba lomwe alipo, ndipo maulendo 15 amatopa n'kudumphira kwina kulikonse. Tsamba lomwe munthu wongoyendayendayu angafikepo kawirikawiri ndilo lomwe limayesedwa lofunika. Kwa ine masamu amenewa ndi okoma kuposa ambiri omwe timachita m'kalasi, popeza akufotokoza chinthu chomwe aliyense wokulira kumudzi amachidziwa, kuti njira imakula ndi mapazi.

Koma makina sadziwa chifukwa chimene munthu waikira linki. Mu 2003, anthu ambiri adagwirizana kuloza ku tsamba la mbiri ya mtsogoleri wa dziko la America pa nthawiyo, George W. Bush, pogwiritsa ntchito mawu achingerezi otanthauza kulephera komvetsa chisoni. Aliyense wolemba mawuwo pa Google ankalandira tsamba la mtsogoleriyo poyamba, ngakhale mawuwo sadalembedwe paliponse pa tsambalo. Google idakonza zimenezi mu January 2007.

Kumene kudali ndalama zinthu zidafika poipa. Mu February 2006, tsamba la ku Germany la kampani ya magalimoto ya BMW lidachotsedwa pa Google kwa masiku angapo chifukwa linkaonetsa makina mawu ena, anthu n'kumaona zina. Nkhani yomwe idamveka kwambiri ndi ya JC Penney, sitolo yaikulu ya ku America. Mu February 2011, nyuzipepala ya New York Times idaulula kuti sitoloyi inkabwera pamwamba pa katundu wamitundumitundu chifukwa cha malinki zikwizikwi omwe adamwazidwa pa masamba osagwirizana n'komwe ndi malonda ake. Google itachitapo kanthu, pa mawu ofufuzira mipando ya pabalaza sitoloyo idatsika kuchoka pa nambala 1 kufika pa nambala 68 m'maola awiri okha. Eni sitolo adati sadalamule zimenezo, ndipo adachotsa kampani yomwe inkawagwirira ntchito ya SEO. Mu April 2012 Google idabweretsa kusintha kotchedwa Penguin, kolimbana ndi malinki ogula ndi osinthanitsa mwachinyengo, ndipo masamba ambiri omwe adakwera mwa njirayi adagwa.

Palinso chizindikiro chotchedwa nofollow, chomwe chidayamba mu 2005. Mwini tsamba akachiika pa linki, amakhala akuuza makina kuti iye sakuchitira umboni tsamba linalo. Wikipedia imachiika pa malinki ake otuluka kunja, motero amene amathamangira kukadzilemba kumeneko pofuna kukwera amangotaya nthawi.

Nanga munthu woona mtima angatani kuti tsamba lake lipeze owerenga? Tiyerekeze mlimi wa njuchi amene akufuna kuti ogula uchi amupeze. Choyamba ayenera kulemba ndi mawu omwe anthu amafunsira. Mutu woti "Takulandirani" suthandiza, chifukwa palibe amafufuza liwu limenelo, pamene mutu wonena za mtengo wa uchi kapena kadziwidwe ka uchi wosasakaniza ukuyankha funso lomwe lili m'mutu mwa wogula. Tsamba lake likhale lopepuka, lotseguka bwino pa foni. Kuyambira mu April 2015 Google idayamba kukondera masamba otere pa mafoni, ndipo kuno kwathu, komwe bandulo imatha ngati mchere m'madzi, palibe angadikire zithunzi zikuluzikulu.

Za malinki ndiye zimafuna kudekha. Mlimiyo akalemba chinthu chomwe ena alibe, monga miyezi yomwe mitengo ya m'dera lake imachita maluwa kapena momwe amatetezera ming'oma ku chiuli, alangizi a zaulimi ndi atolankhani akhoza kumulozera mwa kufuna kwawo. Angathenso kulembera masamba a ntchito yofanana ndi yake, kuwadziwitsa za nkhaniyo, kapena kuwauza kuti linki yawo ina idafa ndipo yake ingalowe m'malo. Ambiri sayankha. Zimatenga miyezi kuti kusintha kuoneke, n'chifukwa chake ndimakayikira aliyense wolonjeza kuti akukwezani pa nambala 1 m'sabata imodzi mukamulipira. Ngakhale a Google eni ake amachenjeza kuti palibe angatsimikize malo oyambawo.

Olemba m'Chichewa ali ndi mwayi ndi vuto pa nthawi imodzi. Masamba a m'chinenero chathu ndi ochepa, kotero nkhani yolembedwa bwino ilibe opikisana nayo ambiri, koma oti ailozere nawonso ndi ochepa.

Lero Google siyang'ana malinki okha. Imaonanso dera lomwe wofufuza ali, chinenero chake, ndi nthawi yomwe nkhani idalembedwa, ndipo nambala ya PageRank yomwe inkaonetsedwa poyera idachotsedwa mu 2016. Mizere ina ya pamwamba penipeni ndi malonda olipiridwa, omwe amakhala ndi mawu oti Sponsored, ndipo amenewo sadakwere chifukwa cha umboni wa wina aliyense. Kuyambira mu May 2024, poyamba ku America kenako kumaiko ena, Google idayambanso kuika pamwamba yankho lolembedwa ndi makina a AI, lotoleredwa ku masamba osiyanasiyana. Eni masamba ambiri akudandaula kuti wowerenga akakhuta ndi yankho limenelo sadinanso linki, ndiye tsamba lomwe lidavutikira nkhaniyo limatsala lopanda mlendo. Pambali kapena m'munsi mwa yankholo pamakhala malinki ang'onoang'ono osonyeza komwe mawuwo achokera, ndipo ine ndikamafufuza za phunziro la Biology ndimayamba ndatsegula amenewo.