NSALU YOSAPSA NDI MOTO NDI PHUNZIRO LAKE KWA IFE

M'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu chafika ku Tsangano, ku Lizulu ndi ku Mlangeni, mabanja amasonkhana pamoto m'mawa ndi madzulo. Iyi ndi nyengonso imene zipatala zimalandira anthu ambiri opsa ndi moto, makamaka ana aang'ono ndi odwala khunyu. Kawirikawiri kukula kwa chilonda kumayendera nsalu imene munthu anavala, pakuti nsalu zimasiyana zikakumana ndi moto.

Nsalu yochokera ku mchenga

Ilipo nsalu imene anthu a m'mafakitale amagwiritsa ntchito, yotchedwa nsalu ya silika. Silika ndi chinthu chimene chimapezeka kwambiri mumchenga, ndipo ndi chomwecho chimene amapangira galasi. Akatswiri amasungunula galasi, nalikoka kukhala ulusi wosalala kuposa tsitsi, nawomba nsalu. Kenaka amaiviika mu asidi kuti zosakaniza zina zichoke, mpaka pa magawo 100 aliwonse, magawo pafupifupi 96 akhale silika yekhayekha.

Kuti timvetse mphamvu yake, tiyerekeze motere. Madzi amawira pa madigiri pafupifupi 100. Aluminiyamu wa mapoto athu amasungunuka pa madigiri 660. Nsalu ya silika imapirira madigiri pafupifupi 1,000 kwa nthawi yaitali, ndipo silika weniweniyo sasungunuka mpaka kutentha kutafika pafupi ndi madigiri 1,700. Chifukwa chake n'chosavuta. Moto umadya nkhuni, udzu ndi thonje, koma mumchenga mulibe chimene ungadye. Komanso mpweya wotsekeredwa pakati pa ulusi umachedwetsa kutentha kuti kusadutse msanga.

Motero nsaluyi amakutira nayo mapaipi otentha, amatchingira nayo pakamwa pa ng'anjo, ndiponso amaiyala pamene akuwotcherera zitsulo kuti mbaliwali zisayatse katundu. Komabe tidziwe kuti ngakhale siyaka, imatentha ikakhalitsa pamoto, kotero siyenera kugwiridwa ndi manja opanda kanthu.

Kale ntchito imeneyi inkagwiridwa ndi asibesitosi, mwala waulusi umene unkakumbidwa ku Zvishavane ndi ku Mashava m'dziko la Zimbabwe, kumene Amalawi ambiri anakagwirako ntchito. Pambuyo pake madokotala anatsimikiza kuti fumbi lake limaumitsa mapapo ndipo limayambitsa khansa, mwina patapita zaka makumi awiri kapena kuposerapo. Dziko la South Africa linaletsa asibesitosi m'chaka cha 2008. Nsalu ya silika ndi imodzi mwa zimene zinalowa m'malo mwake.

Nanga nsalu za kwathu?

Ambiri a ife sitidzagula nsalu yotere. Koma phunziro lake ndi lathu: tidziwe chimene nsalu iliyonse inapangidwa nacho. Nayiloni ndi poliyesitala ndi abale a pulasitiki. Zimasungunuka pa madigiri pafupifupi 250, ndipo zikasungunuka zimamatirira pakhungu ngati phula, n'kupitiriza kuwotcha mnofu ngakhale moto utazima. Zovala zambiri za pakaunjika, mabulangeti opepuka ndi malaya a mpira ndi za mtundu umenewu. Thonje silisungunuka koma limayaka, ndipo lopyapyala limayaka mofulumira kuposa lochindikala. Ubweya wa nkhosa ndiwo umachedwa kugwira moto.

Tsono amayi, pophika mangani chitenje molimba kuti m'mphepete mwake musalendewere pa mafuwa kapena pa mbaula. Mwana asagone pafupi ndi moto atafunda bulangeti la nayiloni. Wodwala khunyu asasiyidwe yekha pamoto, ndipo azimwa mankhwala ake mosadumphitsa. Ngati wagwera pamoto, m'chotseni msanga, chifukwa khunyu sipatsirana pomugwira munthu.

Abambo ndi anyamata owotcherera zitsulo pa boma la Ntcheu, osula makasu ndiponso otentha njerwa, valani ovololo ya thonje yochindikala, magolovesi achikopa ndi nsapato zotseka. Musagwire ntchitoyi mutavala malaya a mpira kapena zovala zonyowa ndi mafuta a galimoto.

Ngozi ikachitika

Chovala chikagwira moto musathamange, pakuti mphepo imakoleza moto. Gonani pansi ndi kugubuduka, ndipo amene ali pafupi athire madzi kapena aphimbe motowo ndi nsalu yochindikala yonyowa. Thirani madzi oyera ozizira pa chilonda kwa mphindi 20, koma thupi lonse la mwana likhale lofunda. Vulani mphete ndi zibangili malowo asanatupe. Nsalu imene yamatirira musaimatule. Dulani yozungulira yokha. Musaboole matuza, ndipo musapakepo dzira, mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano, dothi kapena ndowe. Phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mwana aliyense wopsa, ndiponso wamkulu wopsa kunkhope, m'manja, kumaliseche kapena malo oposa chikhatho chake, aonedwe ndi achipatala. Iwo ndiwo adzaone ngati ayenera kumtumiza ku chipatala chachikulu cha Ntcheu. Musadikire kuti chilonda chiyambe mafinya, chifukwa chilonda chochedwa nacho chimasiya chipsera chimene chingapinde chala kapena mkono kwa moyo wonse.