Tcherani Khutu Njinga Yamagetsi Ikamalira

Alimi a ku Domasi, njinga zamoto zoyendera batire zayamba kuoneka m'dziko muno. Popeza zilibe injini yobangula, kaphokoso kalikonse kamamveka. Kulira konga kwa udzudzu nkwa mota, musade nako nkhawa. Koma mukanyamula thumba la mpunga kunka ku Songani, nimumva kukukuta kokula pamodzi ndi liwiro, imani. Gwedezani gudumu ndi manja. Likamagwedera, mabelingi adyeka, kawirikawiri chifukwa cha matope a m'dambo. Kagulitseni mpungawo tsiku lina. Mabuleki kulira m'mawa mvula itagwa ndi dzimbiri chabe, kumatha mukawamanga kangapo. Batire likatentha kwambiri, kununkha kapena kutupa, musalitsegule ayi. Zimitsani njingayo, muiike kutali ndi nkhokwe ndi denga laudzu, muitane mmisiri.