Msilikali wabwera, koma mtima ukadali kunkhondo

Mayi wina wachitsikana wa ku Mbulumbuzi m'boma la Chiradzulu watilembera kalata yodandaula. Amuna awo ndi msilikali, ndipo anatha chaka m'dziko la DRC pa ntchito yosungitsa mtendere. Tsiku lomwe anatsika minibasi pamsewu wa Zomba kunali nthungululu, nkhuku inaphedwa. Koma patangotha mwezi chimwemwe chinazilala. Bambowo sagona usiku, chitseko chikamenyeka amadzidzimuka, ndipo mwana wawo wazaka ziwiri amathawa akafuna kumunyamula. Mayiwa akufunsa ngati mwina bambo anasiya mkazi wina kumeneko.

Mayi, musafulumire kuganiza choncho. Kumbukirani kumene amuna anu achokera. M'chaka cha 2013 Malawi inatumiza asilikali ku gulu lapadera la United Nations kum'mawa kwa DRC, limodzi ndi Tanzania komanso South Africa. Gululi silinali longolondera, linkamenyana ndi zigawenga. Mu November 2018 asilikali athu angapo anaphedwa kufupi ndi tauni ya Beni. Mmodzi mwa iwo anali Chancy Chitete, yemwe anawomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania, ndipo mu 2019 United Nations inamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Mu January 2025 enanso atatu anafa polimbana ndi zigawenga za M23.

Munthu amene wakhala malo otero amazolowera kugona khutu lili tcheru. Kumeneko mantha ndi amene amamupulumutsa. Akafika kwawo thupi silidziwa msanga kuti nkhondo yatha. N'chifukwa chake ena amalota zoopsa, amapsa mtima pa zazing'ono, amangokhala duu, mwinanso kuthawira ku mowa. Ambiri zimawathera pakapita masabata angapo. Zikapitirira mwezi n'kumasokoneza moyo, madokotala amati mwina ndi vuto lotchedwa PTSD. Si ufiti ayi, ndipo chithandizo chilipo.

Koma nanunso bambo, dziwani kuti pakhomo panasintha. Chaka chonse mayi ndi amene amagula feteleza, kulipira fizi ndi kuthamangira kuchipatala mwana akatentha thupi. Musabwere n'kulanda zonse tsiku limodzi ngati muli pa perete. Funsani momwe zinthu zimayendera, ndipo muthokoze. Mwana akakuthawani musakhumudwe kapena kumukalipira. Khalani naye pamphasa, mudyere limodzi, adzabwera yekha.

Nkhani ina yophwanya mabanja ndi ndalama. Msilikali akabwera, abale onse amati wabwera ndi madola. Wina akufuna malata, wina njinga, wina mpamba wa geni. Inu awiri khalani pansi kaye muli nokha, mugwirizane zochita ndi ndalamazo musanalonjeze aliyense. Makolo ndi apongozi, chonde apatseni mpata anawa. Komanso musamafunse msilikali pagulu kuti anapha anthu angati. Funso limeneli limatsegula bala.

Mayi, musawakakamize kufotokoza zomwe anaona. Auzeni kuti tsiku limene adzafune kulankhula, inu mudzamvetsera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati mumtima muli chikayiko pa za kukhulupirika, pitani nonse awiri kukayezetsa magazi mmalo momangonong'onezana ndi anzanu kuchitsime. Chaka chopatukana n'chachitali kwa aliyense.

Kudekha kuli ndi malire ake. Bambo akayamba kumenya, kuopseza, kumwa tsiku ndi tsiku kapena kunena zodzipha, musabise poopa manyazi. Itanani ankhoswe, uzani abusa kapena shehe, ndipo ngati pali nkhanza kanenani kupolisi. Kubalakisi kuli abusa a asilikali ndi achipatala. Mutha kuyambanso pa chipatala chomwe muli nacho pafupi, ndipo iwo akhoza kukutumizani ku Zomba Mental Hospital, komwe sikutali ndi Mbulumbuzi. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wapenga.

Kwa inu asilikali, kupempha thandizo si mantha. Kunkhondo simunkayenda nokha, mnzanu ankakutetezani kumbuyo. Lolani akazi anu, ankhoswe ndi madokotala achite chimodzimodzi pano. Mayi a ku Mbulumbuzi, yambani ndi kukhala nawo pansi madzulo ano ana akagona, muwafunse mofatsa mmene akugonera usiku.