Nkhata Sichepetsa Madzi mu Ndowa

Aliyense amene anatungako madzi kumjigo amaidziwa ntchito ya nkhata: imateteza liwombo, koma ndowa imalemera chimodzimodzi. Kusamala nkhalamba pakhomo n'kusenza ndowa yotere, ndipo woisenza kawirikawiri amakhala mwana wamkazi kapena mdzukulu. Ndiye amasambitsa agogo, kuwatembenuza pamphasa kuti asatuluke zilonda, kuwaphikira phala, kuwaperekeza kuchimbudzi pakati pa usiku.

Chithandizo chambiri chimene tili nacho m'Malawi muno ndi nkhata. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006 n'kufalikira m'maboma onse 28, amapereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito, ndipo ambiri mwa iwo ndi a agogo olera ana amasiye. Ndalamayo si yonyozeka: sopo, mchere, thiransipoti ya kuchipatala zimachokera pomwepo. Koma pa mabanja khumi imafikira pafupifupi limodzi. Ku South Africa n'kosiyana: wopeza movutikira akakwanitsa zaka 60 amalandira ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo amamuwonjezera ngati akufunika womusamala usana ndi usiku.

Chosowa kwenikweni ndi munthu wokulandira ndowa panjira kuti uwongoleko khosi. Ku England lamulo la Care Act la 2014 limalamula khonsolo kuunika zosowa za wosamalayo payekha, osati za nkhalamba yokha. Zikatheka, agogo amakawasunga kumalo osamalirako okalamba kwa masiku angapo, kapena wina amabwera kudzakhala nawo masana, kuti mwana wawo agoneko tulo. Amene amasamala mnzake maola 35 pasabata kapena kuposa angathenso kupempha ndalama yakeyake, yotchedwa Carer's Allowance.

Ena amati zimenezo ndi za azungu, ife sititaya makolo. N'zoona sititaya, koma kutopa kulibe mtundu. Agogo akayamba kuiwalaiwala, kutuluka usiku osavala, kutchula mayina a anthu amene anamwalira kalekale, banja lotopa silichedwa kumvera manong'onong'o akuti ndi mfiti. Amenewo ndi matenda a ubongo, ndipo kunamizira munthu ufiti ndi mlandu m'Malawi muno pansi pa lamulo la 1911.

Pomangira tili napo. Magulu osamalira odwala m'makomo, amene mipingo inawakhazikitsa Edzi itavuta, anaphunzitsa anthu ambiri kusambitsa ndi kudyetsa wodwala wosadzuka. A Tiyanjane kuchipatala cha Queens ndi a Ndi Moyo ku Salima amathandiza odwala matenda osachiritsika kuti ululu uchepe, n'kulangizanso abale awo. Amayi a Mvano nawo amayendera okalamba atanyamula shuga ndi nkhuni. Chimene ndingawapemphe n'chakuti akatha nyimbo ndi pemphero, awiri azitsalira mpaka madzulo, mwini khomo apite kudimba, kuchigayo kapena kusikelo ndi mwana wake.