Kuyamba Kupanga Ampulifaya Panyumba

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, lero tiphunzira za ampulifaya, cipangizo cokuzira mau. Mphamvu yocokera m'maikolofoni ndi yocepa, siingagwedeze sipika. Ampulifaya imatapa mphamvu m'batire ndi kuiumba kuti ifanane ndi mau aja, koma mokulirapo. Nchitoyi imagwiridwa ndi matransista, amene anatulukiridwa ku Bell Laboratories, ku America, m'caka ca 1947.

Wofuna kudzapanga ampulifaya yapamwamba ayambe ndi yaing'ono. Pezani kacipangizo ka miyendo 8 kochedwa LM386, batire ya mavolti 9, sipika ya ma ohm 8 ndi kapasita ya 220 µF. Mwendo wa 6 upite ku (+) ya batire, wa 2 ndi wa 4 ku (-). Mau alowe pa mwendo wa 3, atulukire pa wa 5. Mbali ya (+) ya kapasita igwire mwendo wa 5, inayo ipite ku sipika. Waya wotsala wa sipika ubwerere ku (-).

Cenjerani: magetsi a m'nyumba ndi mavolti 230 ndipo amapha. Kapasita yaikulu imasunga mphamvu ngakhale mutazimitsa. Ananu gwiritsani nchito batire cabe, aphunzitsi ali pomwepo.